"Katundu wogulidwa sabwezedwa": anatero ndani?



Mvula yayandikira, ndipo tindalama tomwe tasunga chaka chonse tatsala pang'ono kuchoka m'manja mwathu. Wina akufuna mbewu ndi feteleza, wina ukonde watsopano, wina akonzetse injini ya boti. M'sitolo zambiri zomwe tilowe, kaya ndi pa Mangochi, pa Liwonde, pa Ntaja kapena ku Salima, tikapeza mawu aja atalembedwa pakhoma kapena m'munsi mwa lisiti, akuti katundu wogulidwa sabwezedwa. Ambirife timawatenga ngati lamulo la boma. Ayi ndithu, ndi mawu a mwini sitolo basi. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission, lomwe boma linakhazikitsa kuti liziyang'anira chilungamo pa malonda, lakhala likuchenjeza kuti wamalonda sangadzichotsere udindo pa katundu woonongeka pongopachika chikwangwani. Dziko lino lilinso ndi lamulo loteteza ogula la chaka cha 2003.

Koma ife Asilamu nkhaniyi sitinayambe kuimvera ku boma. Tinaiphunzira kumadrasa, kungoti tinaisiya komweko pamodzi ndi masileti.

Mu Sahih Muslim muli nkhani ya Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) akudutsa pamsika. Anapisa dzanja mu mulu wa chakudya chomwe munthu ankagulitsa, napeza kuti m'kati ndi monyowa pomwe pamwamba ndi pouma. Mwini wake ananamizira mvula. Mtumiki anamufunsa chifukwa chomwe sanaikire chonyowacho pamwamba kuti ogula achione, ndipo anamuuza poyera kuti wachinyengo sali m'gulu lake. Pa maziko ngati amenewa ma ulama anamanga lamulo lotchedwa khiyar al-ayb: ukagula chinthu chomwe chinali ndi chilema usanachilandire, ndipo sunauzidwe, uli ndi ufulu wochibweza ndi kulandira ndalama zako.

Palinso nkhani ya chiweto, yomwe oweta mbuzi ndi ng'ombe aimvetse bwino. Ena ankasiya chiweto masiku angapo osachikama kuti bere litupe, wogula aziyesa n'chamkaka wambiri. Chigamulo chinali chakuti wogula ali ndi masiku atatu, akafuna achibweze, koma aperekenso muyeso umodzi wa tende kulipira mkaka womwe wakama. Taonani mmene Shariah imayezera. Wonyengedwa wabwezeredwa zake, wonyenga naye sanalandidwe mkaka wake ulere.

Apa pali poterera pamodzi. M'madhhab ya Imam Shafi'i, yomwe ambiri kuno timatsata, chilema ukachiona uyenera kubweza katundu mwamsanga. Ukachiona n'kupitiriza kugwiritsa ntchito, ufulu uja watha. Ndiye zomakhala ndi pampu yopopera mankhwala yodontha mpaka kukolola, kenako n'kumakalalata pakhonde la sitolo, sizithandiza. Ngakhale kwa majisitireti akakufunsani kuti munali kuti masiku onsewa.

Vuto la ife alimi n'lakuti katundu wathu amabisa chilema nthawi yaitali. Wailesi ikakana kulira umadziwa tsiku lomwelo. Mbewu yachinyengo, chimanga cha m'nkhokwe chongopakidwa utoto, umaidziwa mvula yoyamba itapita kale, ndipo ngakhale akubwezere ndalama ya paketi sangakubwezere chaka. N'chifukwa chake tikuti gulani msanga, muyese musanabzale. Tengani njere 100, mubzale pakabedi kapena m'beseni la mchenga, muzithirira. Pakatha sabata muwerenge. Zikamera theka lokha, nyamukani ndi paketi yake ndi lisiti, mudzere kwa alangizi akaone ndi maso awo. Paketi musataye, chifukwa pamenepo m'pomwe pali nambala yosonyeza gulu la mbewuyo ndi tsiku lomwe inayesedwa, ndipo a ku Chitedze omwe amayesa mbewu amayambira pamenepo.

Feteleza naye ali ndi mayeso ake. Thumba lolembedwa makilogalamu 50 likwere pasikelo musanalikweze panjinga. Onani msoko ngati sanasokenso ndi manja. Urea weniweni amasungunuka yense m'madzi. Tapani pang'ono muike m'kapu, mutakase. Mukaona mchenga watsalira pansi, musathire m'munda ngakhale chibakera chimodzi, thumbalo ndiye mboni yanu. Nkhani za sikelo zobera ndi katundu wosafika muyezo amaziona a Malawi Bureau of Standards.

Lisiti lija timalikana tokha. Wogulitsa akati "popanda lisiti ndikuchotserani pang'ono", timasekerera. Tsiku lobweza akakufunsani kuti, "Bambo, munagula kuno?" ndipo mulibe choyankha. Lisiti likhale ndi dzina la sitolo, tsiku, dzina la katundu ndi mtengo. Ambiri a malisiti a makina amafufutika pakapita miyezi, choncho mwana alijambule pafoni.

Kwa anzathu a kunyanja, injini ndiye chuma chachikulu, ndipo zambiri zimagulidwa zogwirapo kale ntchito. Wogulitsa akakuuzani kuti injini iyi imavuta polizira, inu n'kuvomera mtengo wotsika, chilema chimenecho mwachigula nacho, simungabwerere. Koma akabisa kuti inamirapo m'madzi, imeneyo ndi nkhani ina. Shariah imalola kuti pogulana muikepo chidule chakuti mukaiyesa masiku osapitirira atatu, ikapanda kukukhutiritsani muibweza. Nenani zimenezi ndalama zisanatuluke m'thumba, pamaso pa mboni ziwiri, ndipo nambala ya injini ilembedwe. Injini isayesedwere mu mgolo wa madzi pabwalo, ikayesedwe panyanja boti litasenza. Za maukonde oletsedwa aja, a tizingwe tonga pulasitiki ndi masikito, tingonena mwachidule: mukagula akang'ambika, kapena a Fisheries akalanda, kulibe komwe mungakadandaule.

Tsono tibwere pa mapangano, pomwe misozi yambiri imagwera. Ayah yaitali kuposa zonse m'Qur'an yolemekezeka, ya nambala 282 mu Surat al-Baqarah, siikamba za Swala kapena Swaumu. Ikukamba zolemba ngongole ndi kuikapo mboni. Komabe timaona makalabu athunthu akudinda chala pa mapepala a Chingerezi a kampani yomwe yabweretsa mbewu ndi feteleza pangongole, osafunsa kanthu, pepala lake n'kupita nalo a kampani omwewo. Musanadinde, funsani kuti ngongole yonse ndi zingati m'makwacha, osati m'matumba. Funsani mtengo womwe adzagulire, ndani adzaike giredi, ndipo sikelo idzakhala ya yani. Funsani kuti kukachita ng'amba kapena madzi akasefukira ngongole idzatani. Ndipo funso lomwe ambiri amaliiwala: mnzathu wa m'kalabu akathawa, adzadula kwa ndani? Nthawi zambiri yankho limakhala lakuti kwa inu otsala. Zimene wanena pakamwa mnyamata wa kampani koma papepala palibe, muziwerenge kuti sananene. Akakana kukusiyirani pepala lanu, dziwani kuti muli kanthu.

Ena amafunsa za mavenda omwe amapereka ndalama mu Januwale kapena Febuluwale, njala itafika pakhosi, kuti adzatenge mpunga pokolola. Kulipiriratu mbewu si haraam pakokha. Kumatchedwa salam, ndipo Mtumiki anakuloleza pokhapokha muyeso, kulemera kwake ndi nthawi zikhale zodziwika. Ma ulama anafotokozanso kuti ndalama iperekedwe yonse pomwepo, mtundu wa mbewu utchulidwe, ndipo pangano lisamangidwe pa munda umodzi wakutiwakuti. Koma zija zoti ukalephera thumba limodzi chaka chamawa likhala awiri, imeneyo ndi riba, katapila wovala mkanjo. Chimodzimodzi kugulitsa nsomba zomwe zikadali m'madzi, ukonde usanavuuke, n'koletsedwa chifukwa palibe akudziwa chomwe akugula.

Tisanamizane, si kubweza kulikonse komwe kuli ufulu. Wagula khasu labwinobwino, wafika kunyumba mayi akuti ndalamayo inali ya fizi. Pamenepo mwini sitolo sanalakwe. Mukhoza kumupempha, ndipo akavomera wapeza malipiro kwa Allah, kumeneko ndiye kumatchedwa iqala, koma simungamukakamize. Ndiponso mawa lino ogulitsa tidzakhala ife. Nandolo wowazidwa madzi kuti alemere, miyala m'thumba la soya, usipa wabwino pamwamba pa chigoba wofumbwa pansi, zonsezi ndi mulu womwe uja Mtumiki anapisamo dzanja. Surat al-Mutaffifin inatsika kudzudzula opungula miyeso, ndipo siinapatule venda kapena mlimi.

Zikavuta, yambani ndi mwini sitolo, mwaulemu, muli ndi mboni. Akakana, pitani kwa alangizi kapena ku komiti ya padoko, ndipo ngati ndi Msilamu mnzathu bwerani naye kumzikiti tikambirane. Zikakanika apo, dandaulo lipite ku Competition and Fair Trading Commission ku Lilongwe kapena ku bungwe la ogula la CAMA, apo ayi kubwalo la majisitireti. Mukakhala ambiri omwe munagula mbewu imodzimodziyo, lembani kalata imodzi nonse musayine, chifukwa mlimi mmodzi amangomuuza kuti anabzala mozama.

Kuno kwathu tagwirizana kuti Lachisanu lililonse ikatha Jumu'ah, mpaka mvula itakhazikika, achinyamata awiri odziwa Chingerezi azikhala pakhonde la madrasa kuwerengera anthu mapepala a ngongole ndi mapangano, kwaulere. Amayi abwere nawo mapepala a magulu awo ikatha Asr. Bwerani nalo pepalalo musanadinde, Insha Allah.