Ulendo wa ku Joni kuchokera ku Neno: zimene tikiti ya ndege siinena

Kuchokera pa bwalo la ndege la Chileka mu Blantyre kukafika pa bwalo la OR Tambo ku Johannesburg pali mtunda wa makilomita pafupifupi 1,350 mukayeza molunjika. Ndege yosaima penapake imautha m'maola awiri ndi mphindi zochepa. Kwa munthu wa ku Neno, amene alibe bwalo lakelake ndipo amadalira Chileka, maola awiriwo ndi gawo laling'ono chabe la ulendo.

Ndege zonyamula anthu zimathamanga makilomita pafupifupi 800 pa ola zikafika m'mwamba. Pa liwiro limenelo, mtundawu ukanatha mu ola limodzi ndi mphindi 40. Komatu ndege siyamba ndi liwirolo. Imayenda kaye pang'onopang'ono pabwalo, nkunyamuka, nkukwera, ndipo ikamayandikira imatsika mochepetsa liwiro. Njira za mumlengalenga nazo zimakhota potsatira malangizo a oyang'anira kayendedwe ka ndege, mphepo ya kutsogolo imachedwetsa, ndipo pa OR Tambo, limodzi mwa mabwalo otanganidwa kwambiri mu Africa, ndege nthawi zina imadikira mpata wotera. Nthawi yolembedwa pa tikiti imaphatikiza zonsezi.

Chimene tikiti siiwerengera ndi msewu. Wochokera pa Boma la Neno amatsika mapiri mpaka kukalowa msewu wa Mwanza, kuoloka Shire pa Zalewa, kenako Lirangwe ndi Lunzu. M'chilimwe ulendowu umadya maola awiri kapena atatu, ndiye kuti wofanana kapena woposa wa mumlengalenga. M'dzinja, matope ndi mitsinje yosefukira zimautalikitsa, ndipo wa ku Dambe zimamuvuta koposa. Onjezeranipo lamulo lofika pabwalo kudakali maola awiri kapena atatu, kuti katundu ayezedwe ndi pasipoti idindidwe. Ndege siidikira munthu, ndipo woiphonya kawirikawiri amalipira ndalama zina kuti amusinthire tsiku. N'chifukwa chake wa ndege ya m'mawa amachita bwino kukagona ku Blantyre.

Ngakhale zili choncho, basi siingapikisane nayo pa nthawi. Mabasi a ku Joni, amene anthu a pa Zalewa amawaona akudutsa, amayenda makilomita oposa 1,700 kudzera ku Tete ndi ku Harare, ndipo amaima pa zipata za Mwanza, Nyamapanda ndi Beitbridge. Ulendowo umapitirira tsiku lathunthu, ndipo mizere ya pa Beitbridge ikatalika umafika masiku awiri. Ambiri amasankhabe basi chifukwa cha mtengo ndi kuchuluka kwa katundu amene amanyamula.

Pa wotchi palibe chosokoneza: Malawi ndi South Africa ali pa nthawi imodzi. Kusamala kumafunika kwa wolowera ku Addis Ababa, kumene nthawi ili patsogolo ndi ola limodzi, pakuti tikiti imalemba nthawi ya malo amene ndege ikutera.