Katundu ni wabwino, koma zithunzi zikuthawitsa makasitoma

Ku Kafue Industrial Area, chakufupi ndi Nitrogen Chemicals, kuli mtsikana wina amene amagulitsa majombo, maovololo ndi magolovesi kwa anyamata a m'mafakitale. Ndalama yoodera katundu anatenga ku chilimba, ndiye mwezi ukatha afunika kuponya, agulitse asagulitse. Anatsegula katalogu pa WhatsApp Business n'kuikamo zonse. Masabata awiri anatha, foni ili zii.

Mlongo wake wamng'ono atayang'ana katalogu ija anangopukusa mutu. "Ba sisi, katundu ni wabwino. Manje onani vithunzi. Ichi n'chachitali, ichi chagona, apa jombo yadulidwa mutu, apa kumbuyo kuli beseni ya mbale."

Mnyamatayo sananame. Mu katalogu, chinthu chilichonse chimayamba kuoneka ngati kachithunzi kang'ono ka mbali zinayi zofanana. Chithunzi chikakhala chachitali kapena chotambalala, foni imangodula m'mbali osakufunsani. Wogula ali mu minibasi yopita ku Lusaka, ulendo wa makilomita opitirira 40, chala chikungotsetsereka, bando ikutha. Tizithunzi tikakhala tosokonekera amaganiza kuti mwangotola pa intaneti, ndipo munthu wokayika satumiza ndalama pa Airtel Money olo MoMo.

Mankhwala ake safuna kamera yodula. Ntchito yaikulu imachitika musanajambule.

Sankhani malo amodzi. Awiriwa anagula pepala la manila loyera, theka n'kulimata kukhoma, theka lina kugona patebulo, osalipinda. Pepala likapindika mokhota chonchi, mzere wa pakona suoneka kumbuyo kwa katundu.

Kuwala kukhale kumodzi. Jambulani m'mawa pakhonde, pamthunzi, nthawi yofanana tsiku lililonse. Fulashi zimitsani, chifukwa imawalitsa mizere yonyezimira ya pa ovololo mpaka mtundu weniweni kusowa. Ubwino wa dzuwa, malaiti akapita ntchito siima.

Foni isamayende. Anaitsamiritsa pa njerwa ziwiri, n'kulemba ndi choko pamene yakhala ndi pamene katundu aziikidwa. Pukutani diso la kamera, kenako musankhe 1:1 kuti chithunzi chituluke cha sikweya kuyambira pachiyambi. Katundu akhale pakati, adzaze malo ambiri koma pasiyidwe kampata mbali zonse. Majombo onse aloze mbali imodzi.

Zikatha izi, za pafoni n'zochepa. Mu Canva tsegulani tsamba la 1080 x 1080, musunge, chithunzi chilichonse chizilowa momwemo. Ngati chakale n'chachitali, musachikoke kuti chikwane, jombo idzaoneka ngati yapondedwa ndi thiraki. Onjezerani malo oyera m'mbali. Sungani ngati JPEG kuti chisalemere kutsegula.

Zinthu ziwiri musachite. Mtengo musalembe pachithunzi, chifukwa ukasintha mudzayambiranso zonse. Katalogu ili ndi malo ake a mtengo. Komanso musakometse mtundu ndi mafyuluta. Ovololo ya buluu wakuda ikaoneka yowala, kasitoma adzaibweza, thiransipoti ikhala yanu.

Kumbukiraninso kuti zithunzi zikafanana, golovesi ndi ovololo zimaoneka zazikulu chimodzimodzi. Saizi ilembeni m'mawu pansi pake.

Mtsikana uja anajambulanso katundu yense Loweruka m'mawa, mlongo wake akumugwirira pepala kuti mphepo isaulutse. "Iwe, ndiye nizikulipila zingati?" anafunsa. "Nigulileni chabe bando, ba sisi."

Tsiku loponya chilimba likubwerabe, ndipo majombo ena akali pashelefu. Koma mauthenga asintha. Kale anthu ankalemba kuti "tumizani chithunzi china tione bwino." Manje akufunsa kuti "saizi 8 ilipo?"