Theka la Bedi: Mwayi wa Tikiti ya RAC m'Sitima za ku India

Chiyambi

Munthu wa ku Songani akafuna kupita ku Zomba kapena ku Liwonde sasungitsa malo. Amaima m'mbali mwa msewu, minibasi ikafika n'kukwera, ndipo malo akachepa kondakitala amangouza anthu kuti afinyane. Ngakhale pa njanji yodutsa ku Liwonde, yomwe inatsegulidwa mu 1970 kuloza ku Nayuchi, ulendo wake ndi woti munthu atha kupirira ali pampando. Ku India zinthu n'zosiyana. Njanji za dzikolo n'zotalika makilomita oposa 65,000, ndipo ulendo wochokera ku Delhi kupita ku Chennai pa sitima zambiri umatenga maola oposa 30. Paulendo wotere munthu amafuna pogona.

Amalawi ambiri amapita ku India kukaphunzira kapena kukalandira thandizo la chipatala. Ena mwa iwo akagula tikiti ya sitima amapeza palembedwa zilembo zitatu, RAC, ndi nambala pambali pake. Nkhani ino ikufotokoza tanthauzo la zilembozi ndi momwe munthu angayezere mwayi woti tikiti yotere isanduke bedi lathunthu.

Mitundu itatu ya matikiti

Bungwe la Indian Railways limagulitsa malo ogona motsatira ndondomeko. Oyamba kugula amapatsidwa tikiti yolembedwa CNF, kutanthauza kuti bedi lawo ndi lotsimikizika. Mabediwo akatha, otsatira amapatsidwa RAC, chidule cha mawu akuti Reservation Against Cancellation. M'Chichewa tingati ndi malo odikira kuti wina abweze tikiti yake. Malo a RAC akathanso, otsala amalembedwa pa mndandanda wa odikira, WL.

Kusiyana kwa RAC ndi WL n'kwakukulu. Wa WL alibe malo alionse, ndipo ngati anagula pa intaneti koma nambala yake osasuntha mpaka tsiku la ulendo, tikiti imafa yokha ndipo ndalama zimabwezedwa. Wa RAC amakwera sitima mosakayika. Amapatsidwa bedi lapansi la m'mbali mwa kanjira ka m'bogi, koma amagawana ndi munthu wina, kawirikawiri wosamudziwa. Bedilo limapindika n'kukhala mipando iwiri yoyang'anizana, aliyense wake. Mtengo amalipira wonse, ofanana ndi amene wagona motambalala. Choncho chimene wa RAC akudikira ndi tulo, pakuti ulendo ali nawo kale.

Mmene mzere umayendera

Munthu mmodzi wa CNF akabweza tikiti, bedi lake limapita kwa RAC 1. Yemwe anali RAC 2 amakhala RAC 1, ndipo woyamba pa WL amalowa m'munsi mwa mzere wa RAC. N'chifukwa chake pa tikiti pamaoneka manambala awiri. Pakalembedwa RAC 30/RAC 12, ndiye kuti munthuyo anagula ali wa nambala 30 koma tsopano wafika pa 12. Nambala yachiwiriyi ndiyo kuchuluka kwa mabedi amene ayenera kumasuka kuti iye apeze lake. Angathe kuona mmene zikuyendera polemba nambala ya PNR, yomwe ili ndi manambala 10, pa tsamba la IRCTC, kampani yogulitsa matikiti a sitima pa intaneti kuyambira 2002.

Mabedi amamasuka m'njira zitatu. Yoyamba ndi ya anthu osintha maganizo. Poti chindapusa chobwezera tikiti chimakula ulendo ukamayandikira, ambiri amabweza masiku omaliza asanafike pa chindapusa chachikulu, moti mzere umene unaima sabata zingapo utha kuthamanga m'masiku awiri. Njira yachiwiri ndi ya malo opatulidwa. Sitima iliyonse imasunga mabedi ena kaamba ka amayi, okalamba, olumala, za mwadzidzidzi komanso matikiti a Tatkal omwe amagulitsidwa kutatsala tsiku limodzi. Pokonza mndandanda wa okwera, mabedi opatulidwa amene sanatengedwe amaperekedwa kwa a RAC poyamba, kenako a WL. Kwa zaka zambiri mndandandawu unkatuluka kutatsala maola 4, koma mu 2025 anaukokera m'mbuyo kuti uzituluka kutatsala maola osachepera 8. Njira yachitatu ndi ya m'sitima momwemo. Wina akapanda kubwera, woyang'anira matikiti, yemwe kumeneko amamutcha TTE, amapereka bedilo kwa a RAC motsatira manambala awo.

Kuyeza mwayi

Anthu ambiri amafunsa kuti, "Kodi RAC 10 imatheka?" Funsoli lilibe yankho limodzi, chifukwa nambala payokha siinena zambiri. Chofunika n'kuiyerekeza ndi kuchuluka kwa mabedi a m'gulu limene munthu wagula.

Mu Januwale 2017 Indian Railways inaonjezera malo a RAC. Bogi ya gulu la Sleeper inapatsidwa mabedi 7 a anthu 14, ya 3AC mabedi 4 a anthu 8, ndipo ya 2AC mabedi 3 a anthu 6. Gulu lapamwamba la 1AC lilibe RAC. Tiyerekeze sitima yokhala ndi mabogi 8 a Sleeper, iliyonse ya mabedi 72. Tikachotsa 7 a RAC pa bogi iliyonse, patsala mabedi 520. Munthu wa RAC 20 akufunika kuti mabedi 20 mwa 520 amasuke, kapena kuti limodzi mwa 26 alionse. Tsono tiyerekeze kuti sitima yomweyo ili ndi bogi imodzi yokha ya 2AC ya mabedi 48. Tikachotsa 3, patsala 45. Munthu wa RAC 5 m'bogi imeneyi akufunika kuti limodzi mwa mabedi 9 alionse limasuke. Apa tikuona kuti nambala 20 ili ndi mwayi woposa nambala 5. Masamuwa ndi ongoyerekeza, poti si mabedi onse amene ali pa mzere umodzi, koma akusonyeza mfundo yake: gulu la mabogi ambiri mzere wake umayenda msanga.

Chachiwiri ndi nthawi yotsala. Kuyambira pa 1 Novembala 2024 matikiti amayamba kugulitsidwa kutatsala masiku 60, pomwe kale anali 120. RAC 15 kutatsala mwezi wathunthu ndi nkhani ina, RAC 15 mndandanda utatuluka kale ndi nkhani inanso, pakuti pamenepo chiyembekezo chatsala pa obweza mochedwa ndi olephera kufika pa siteshoni.

Chachitatu ndi nyengo. Monga momwe mabasi a kuno amadzadzira pa Khrisimasi, sitima za ku India zimadzadza pa zikondwerero za Diwali, Holi ndi Chhath, makamaka zopita ku Bihar ndi Uttar Pradesh. Amene wapeza bedi m'nyengo zimenezi salitaya wamba.

Chachinayi ndi liwiro la mzere weniweniwo. Amene watsika kuchoka pa 30 kufika pa 12 m'sabata imodzi ali pabwino kuposa amene wakhala pa 8 osasuntha chigulireni. Kuyambira 2018 tsamba la IRCTC limaonetsanso maperesenti a mwayi, powerengera momwe sitimayo yakhala ikuyendera m'mbuyomu. Maperesentiwa ndi olosera chabe, ngati zanyengo za pa wailesi, ndipo salonjeza bedi.

Zimene munthu angachite

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Mlendo ayenera kufunsa ndi kuwerenga tikiti yake asanakwere, kuti asadabwe atapeza wina atakhala pa bedi limene ankaliyesa lake. Wophunzira wathanzi amene akuyenda usiku umodzi angathe kuivomera RAC, popeza choipitsitsa chimene chingamuchitikire ndi kuchezera pampando. Anthu awiri oyenda limodzi pa tikiti imodzi kawirikawiri amapatsidwa bedi lomwelo, choncho kugawanako sikuvuta kwenikweni.

Koma kwa munthu amene wangotuluka m'chipatala, wokalamba kapena mayi wa mwana wamng'ono, maola 20 kapena 30 pampando si chinthu chochita nacho juga. Woperekeza wodwala angachite bwino kusankha tsiku lina, sitima ina kapena gulu lina limene likuonetsa CNF, kapena kuyesa Tatkal ngakhale mtengo wake ndi wokwera. Akakhala kuti wakwera kale ndi RAC, afotokozere TTE za wodwalayo mwaulemu, koma adziwe kuti amene ali patsogolo pa mzere ndiwo oyamba kuganiziridwa.

Pomaliza

Tikiti ya RAC imatsimikizira munthu ulendo ndi mpando, ndipo imamuika patsogolo pa onse odikira. Mwayi woti isanduke bedi umadalira nambala yake poyerekeza ndi kuchuluka kwa mabedi, masiku otsala, nyengo ndi liwiro la mzere. Amene wayeza zinayi zimenezi angathe kusankha mwanzeru pakati pa kudikira ndi kugula tikiti ina nthawi ikadalipo.