Mankhwala opha ululu amene asanduka mliri ku America

M'chaka cha 2022 chokha, anthu oposa 107,000 anamwalira ku United States atamwa, kusuta kapena kudzibaya mankhwala ozunguza bongo mopyola muyeso. Mwa anthu amenewa, oposa 80,000 anafa ndi mankhwala a gulu limodzi lotchedwa opioid. M'gulu limeneli muli morphine, codeine, tramadol, heroin ndi fentanyl. Ambiri mwa mayinawa anamwino athu amawadziwa, chifukwa ndi mankhwala a m'chipatala, othandiza munthu amene wachitidwa opaleshoni kapena amene khansa yam'fika m'mafupa.

Chomvetsa chisoni n'chakuti mliriwu unayambira m'chipinda cha dokotala. Mu 1996 kampani ya Purdue Pharma, ya banja la Sackler, inayamba kugulitsa mapiritsi otchedwa OxyContin. Amalonda ake ankayenda chipatala ndi chipatala kuuza madokotala kuti mapiritsiwa sapatsa munthu chibaba kwenikweni. Madokotala anakhulupirira, nayamba kulembera aliyense wodandaula msana kapena bondo. Anthu ogwira ntchito zolemetsa, monga a m'migodi ya malasha ku West Virginia ndi Kentucky, ndiwo anali m'gulu la oyamba kukodwa. Mu 2007 kampaniyi inavomera mlandu wonamiza anthu ndipo inalipira chindapusa choposa madola 600 miliyoni, koma malonda anapitirira. Mu 2020 inavomeranso milandu ina.

Boma litayamba kukhwimitsa malamulo a mapiritsi, anthu omwe anali atazolowera kale sanachire chifukwa cha lamulolo. Anangosamukira kwa ogulitsa a mumsewu. Cha m'ma 2010 imfa za heroin zinakwera, ndipo kuyambira 2013 kunabwera fentanyl wopangidwa mozemba. Ameneyu safuna munda ngati heroin, amangosakanizidwa m'nyumba. Mphamvu yake imaposa ya heroin ka 50, ya morphine ka 100. Mamiligalamu awiri okha, ochepa ngati timibulu tingapo ta mchere, atha kupha munthu wamkulu. Ogulitsa amamuthira m'mapiritsi achinyengo ooneka ngati a kuchipatala, moti ambiri amafa osadziwa chomwe amwa. Woimba wotchuka Prince anafa ndi fentanyl mu 2016.

Kodi imfayo imabwera bwanji? Mankhwala a opioid akafika mu ubongo amatseka njira za ululu, ndipo munthu amamva bata ndi kukoma m'thupi. Koma amafikanso pa tsinde la ubongo, pamene pamalamulira kupuma. Akachuluka, ubongo umaleka kukumbutsa mapapo kukoka mpweya. Munthu amagona tulo tosadzutsika, kupuma kumatalikirana, amaliza mkonono wachilendo, milomo imada, ndipo mwana wa diso amachepa kwambiri. Achibale ambiri amangoti wagona, n'kumufunditsa bulangete. Pakapita mphindi zochepa ubongo uli wopanda mpweya, zonse zatha.

Palinso china chimene anthu sachimvetsa msanga. Thupi likazolowera, limafuna muyeso wokulirakulira, ndipo munthu akalephera kupeza amadwala zenizeni: thukuta, kusanza, kutsegula m'mimba, mafupa kuphwanya, tulo osabwera. Pa msinkhu umenewu samweranso chisangalalo, amamwera kuthawa kudwalako. Akakhala milungu ingapo osamwa, monga kundende, thupi limaiwala chizolowezi chija. Akatuluka n'kumwa muyeso wake wakale, muyeso womwewo umamupha. N'chifukwa chake milungu yoyambirira munthu atangotuluka m'ndende ndi yoopsa kwambiri.

Apa ndi pomwe pagona funso loti dziko lichite chiyani. America inayesa njira ya ndodo kuyambira 1971, pamene pulezidenti Richard Nixon anatcha mankhwala ozunguza bongo mdani wamkulu wa dziko. Ndende zinadzaza, makamaka ndi anthu akuda ndi osauka, koma mankhwala sanasowe mumsewu. Portugal inasankha zina mu 2001. Munthu wopezeka ndi mankhwala ongokwanira iye yekha kwa masiku khumi sapita kukhoti, amakaonekera ku komiti ya anthu odziwa zamalamulo, zaumoyo ndi zachisamaliro cha anthu, imene imamulozera ku chithandizo. Ogulitsa akumangidwabe. Chiwerengero cha otenga HIV kudzera m'majakisoni chinatsika kwambiri kumeneko. Dera la Oregon ku America linatengera zimenezi mu 2020, koma zipatala zothandizira anthuwo zinali zisanakonzeke, ndipo mu 2024 linabwezeretsa chilango. Ine ndimaona kuti Oregon inatenga theka lokha la njira ya Portugal. Kuchotsa unyolo popanda kutsegula khomo la chipatala n'kumusiya munthu pamsewu pomwe anali.

Zimene zimapulumutsa moyo zikudziwika. Naloxone ndi mankhwala amene amakankha opioid kuchoka pamalo pomwe wagwira mu ubongo, ndipo munthu amayambanso kupuma m'mphindi zochepa. Mphamvu yake imatha msanga, choncho wodwala ayenera kuthamangitsidwabe kuchipatala. Mu 2023 America inalola kuti naloxone wopopera m'mphuno azigulitsidwa popanda kalata ya dokotala. Palinso methadone ndi buprenorphine, amene amaletsa chibaba kuti munthu athe kugwira ntchito ndi kulera ana ake. Ena amati kumeneku n'kungosinthanitsa mankhwala, koma kafukufuku waonetsa kuti omwe ali pa chithandizochi mwayi wawo wakufa umatsika pafupifupi ndi theka. Mu 2024 imfa za mankhwala ozunguza bongo ku America zinatsika kufika pafupifupi 80,000, ndipo kufalikira kwa naloxone ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe akatswiri amatchula.

Tisaganize kuti ndi za kutali zokhazokha. Heroin wochokera ku Afghanistan amadutsa pa nyanja ya India kufika ku magombe a Tanzania ndi Mozambique, kenaka pamsewu kulowera ku South Africa, komwe achinyamata ambiri akodwa ndi nyaope, mankhwala osakaniza okhala ndi heroin. Abale athu ambiri amakhala ku Joni. Tanzania inaona vutoli msanga ndipo inatsegula kiliniki ya methadone pa chipatala cha Muhimbili ku Dar es Salaam mu 2011. Nigeria inaletsa mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine mu 2018 achinyamata atayamba kuwamwa ngati chakumwa.

Komabe kwathu kuno vuto lalikulu ndi lina, la kusowa kwa morphine wa odwala, ndipo ndimaopa kuti mbiri ya ku America ingalikulitse. Lipoti la akatswiri a magazini ya zaumoyo ya The Lancet la mu 2017 linapeza kuti theka losaukitsitsa la anthu a dziko lapansi limalandira gawo losakwana limodzi mwa magawo 100 a morphine yense wogawidwa. Mayi wa khansa ya khomo la chiberekero amene akubuula usiku wonse kumudzi akufunika morphine wamadzi, ndipo malo osamalira odwala monga Tiyanjane ku chipatala cha Queens ndi Ndi Moyo ku Salima aonetsa kuti n'zotheka kumupereka mosamala. Bungwe loyang'anira mankhwala la PMRA likhwimitse dzanja pa masitolo ogulitsa tramadol ndi codeine popanda kalata ya dokotala, koma morphine wa odwala afike mpaka ku zipatala zazing'ono zakumidzi, ndipo pashelefu pomwe pali morphine pakhalenso naloxone ndi namwino wophunzitsidwa kumugwiritsa ntchito.