CITHUNZI CA UBONGO CISANAFIKE KWA DOTOLO

Ambiri a inu munaimapo pa makina a X-ray, malaya ali pambali, pamene madotolo anafuna kuona ngati pfumbi la pansi laononga mapapo. Lero ndinena za makina ena ochedwa PET. Iwo sajambula mafupa iai, koma aonetsa mbali za ubongo zimene ziri kugwira nchito ndi zimene zafooka. Makamaka ndinena za nchito yokonza cithunzico dotolo asanaciwerenge, pakuti bodza likafuna kulowa, lilowera pamenepo.

Ubongo ngwadyera. Kulemera kwace ndi magawo 2 okha pa 100 a thupi, koma utha magawo monga 20 pa 100 a mphamvu ya thupi lonse, ndipo cakudya cace ndi suga. Tsono wodwala amlasa nsingano ya suga wa mtundu wina, dzina lace FDG, amene anayamba kuperekedwa kwa anthu m'caka ca 1976 ku Philadelphia, m'dziko la America. M'suga ameneyu muli fluorine-18, imene iturutsa tinthu tating'ono tochedwa positron. Kanthuko kakakomana ndi electron zonse ziwiri zitha, ndipo paturuka miuni iwiri yosaoneka ndi maso, wina kuthawira uku, wina uko. Mphete ya makina yozinga mutu iwerenga miuniyo, ndipo kompyuta ipeza pamene inacokera.

Koma zimene makina awerenga poyamba ziri ngati mwala woturuka m'mgodi. Mkuwa ulimo ndithu, koma sunayengedwe.

Mphamvu ya fluorine-18 icepa ndi theka pa maminiti 110 ali onse, cotero kompyuta ibwezera cimene catha. Ibwezeranso miuni imene cigaza ndi mnofu zameza panjira. Masiku ano icita ici mothandizidwa ndi cithunzi ca CT cojambulidwa pa makina omwewo. Popanda kutero, pakati pa ubongo pakadaoneka ngati pazirala.

Ndiye pali bvuto la mutu wosakhazikika. Wodwala agona nthawi yaitali, ndipo nkhalamba itsokomola, wina ameza malovu. Mutu ukasuntha pang'ono pokha, malire onse afufuma. Cifukwa cace nthawi yojambula aidula m'zigawo, ndipo kompyuta isanja zigawozo cimodzi pamwamba pa cinzace, kuzikankha njira 3 ndi kuzitembenuza njira 3, kufikira zitalingana. Pambuyo pace aika cithunzico pamwamba pa cithunzi ca MRI ca munthu yemweyo, pakuti PET ionetsa moto koma MRI ionetsa nyumba imene muli motowo.

Tsopano tafika pobvuta. Mitu ya anthu siifanana. Wina ngwautali, wina ngwobulungira. Nanga tingalinganize bwanji ubongo wa wodwala ndi wa anthu amoyo bwino? Akatswiri aukoka ndi kuupinda m'kompyuta kufikira utalowa m'cikombole cimodzi, monga opima malo a pa mgodi aika njira zonse za pansi pa mapu amodzi. Mapu ochuka anawasindikiza Jean Talairach ndi Pierre Tournoux a ku France m'caka ca 1988. Taonani codabwitsa: mapu onsewo anacokera pa ubongo wa mai mmodzi wa zaka 60! Pambuyo pace a ku Montreal Neurological Institute, ku Canada, anasanganiza zithunzi za anthu 152 napanga cikombole cimene ambiri agwiritsa nchito lero. Ku London, Karl Friston analemba pologalamu ya kompyuta yochedwa SPM, nayamba kuigawira anzace m'caka ca 1991.

Pamenepa ine ndinena kuti pafunika maso a munthu, osati makina okha. Ubongo wa nkhalamba umafota, ndipo mipata yace idzala madzi. Madzi sadya suga. Popeza PET siona bwino zinthu zocepera mamilimita 4 kapena 5, mnofu wopyapyala usanganizika ndi madzi a pambali pace, ndipo malowo aoneka ngati adwala, cinkana mnofu wotsalawo uli kudya bwino. Dotolo wosacenjera angauze banja kuti atate ao ali ndi nthenda ya Alzheimer, pamene uli ukalamba cabe.

Pali mwambo winanso wosalaza cithunzi dala, monga mai azira nyumba, kuti timadontho tacabe ticoke. Kawirikawiri asalaza mamilimita 8 kufikira 12. Ukasalaza pang'ono, timadontho tinamiza. Ukasalaza kwambiri, kamalo kakang'ono kamene kayambitsa khunyu kasowa, ndiko kamene dotolo wa opaleshoni anali kukafunafuna.

Potsiriza afuna muyeso. Anthu awiri salandira suga wofanana m'ubongo, cinkana nsingano ikhale imodzimodzi. Tsono asankha mbali imodzi imene nthendayo siikhudza msanga, monga kaubongo kakang'ono ka kunkhongo, nalinganiza mbali zina zonse ndi iyo. Koma ngati mbali yosankhidwayo nayonso yadwala, ziwerengero zonse zikwera, ndipo malo ofooka aoneka ngati amoyo. Ndico cifukwa cace akatswiri polemba zimene apeza amanena mbali imene anasankha, cikombole cimene anatsata, ndi mamilimita amene anasalaza, kuti anzao a ku cipatala cina athe kubwereza nchitoyo ndi kuona ngati apeza zomwezo.