KUTSIKA M'ZIGWEMBE ZA THUCHILA: CHINGWE, MWALA NDI MADZI

Ine kwathu ndi ku Thuchila, m'boma la Mulanje. Mtsinje umene unapatsa dera lathu dzinali timaudziwa ngati mtsinje wofatsa: amayi amachapamo, ana amasambamo, ndipo m'chilimwe pali malo amene munthu amaoloka atangopinda buluku. Koma mtsinje womwewu umachokera pamwamba pa phiri la Mulanje, ndipo usanafike kuchigwa umayamba wadutsa m'zigwembe zakuya, kugwa pa mathithi ndi kuzungulira m'maiwe amene dzuwa silifikamo kawirikawiri. Kumeneko ndiye ndifuna tipitire limodzi m'nkhani ino.

Pa tchuthi cha Pasaka chapitachi ndinaperekeza amalume anga, amene akhala akutsogolera alendo m'phirimo kwa zaka zambiri. Alendo athu anali atatu, ndipo anadza ndi zingwe. Cholinga chao sichinali kukwera Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002 ija, ai. Iwo ankafuna kutsika potsata madzi m'kamtsinje kena kothira mu Thuchila: pena kuyenda, pena kusambira, pena kulendewera pa chingwe. Masewera amenewa pa Chingerezi amawatcha canyoning.

Tinagona m'nyumba ya alendo ya Thuchila Hut. M'mawa kunacha bwino ndithu, koma amalume atayang'ana cha kunsonga anaona mtambo wakuda utakhazikika. Anangoti, "Lero sitilowa." Alendo awiri anang'ung'udza, ndipo ndiulule kuti nanenso ndinali mbali yao. Koma mayi wina amene anali mkulu wa gululo anavomereza msanga. M'malo molowa m'chigwembe, tsikulo tinathera pa thanthwe lina lalifupi, mayiyo akundionetsa zida ndi kagwiritsidwe ntchito kake. Zimene ndinaphunzira ndi izi.

ZIDA ZAKE

Choyamba ndi chingwe. Si chingwe wamba chomangira mbuzi kapena chotungira madzi pachitsime. N'cha nayiloni, chonenepa ngati mamilimita 9 kapena 10, ndipo sichitamuka kwambiri, chifukwa chingwe chotamuka chimakhulana ndi mwala mpaka kuperepeseka. Utali wake uyenera kukwana kawiri phompho lalitali kopambana la pa ulendowo, popeza onse akatsika chingwecho amachikokera pansi kuti chikagwirenso ntchito kutsogolo.

Chachiwiri ndi lamba wolimba amene amagwira m'chiuno ndi m'ntchafu. Pa lambayo amakolekapo ngowe yachitsulo yotsekeka, yotchedwa karabina, ndipo pa ngoweyo pamakhala kachitsulo kooneka ngati nambala 8. Chingwe chimapota m'kachitsuloka, ndipo kukhulana kwa chingwe ndi chitsulo ndi kumene kumachititsa kuti dzanja limodzi lithe kuimitsa thupi lonse la munthu.

Pamutu pamafunika chisoti cholimba, kaamba ka miyala yogumuka ndi kuterereka. Kuphazi, nsapato za mphira wogwira pa mwala wonyowa. Patapata kapena phazi lopanda kanthu ndi ngozi. Pathupi amavala chovala chothina cha mphira chosunga kutentha ngakhale munthu anyowe. Zotsala ndi wezulo, mpeni wakuthwa woikidwa pamalo poti dzanja lililonse lingafike, tochi, chakudya, mankhwala a mabala, ndi zovala zouma zokulungidwa bwino m'pulasitiki. Chikwama chao n'chobooka pansi kuti madzi azituluka, chifukwa chikwama chodzala madzi chimamiza mwini wake.

LUSO LAKE

Asanatsike munthu aliyense, amayamba aona pomangirira chingwe. Ukhoza kukhala mtengo wamoyo wa mizu yozama, mwala waukulu wosagwedezeka, kapena zitsulo zokhomedwa m'thanthwe. Mayi uja anandiuza kuti chingwe chakale chimene wachipeza chitamangidwa kale sudalira, poti sudziwa kuti dzuwa ndi madzi zachidya motani.

Kenaka aliyense amaonedwa ndi mnzake: lamba wamangidwa bwino? Ngowe yatsekedwa? Chingwe chapota moyenera? Ngakhale katswiri amaonedwa, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Potsika, munthu amafulatira phompho, kutangadza miyendo, kuponda thanthwe ndi mapazi onse, n'kumayenda chambuyo ngati wakhala pampando. Dzanja logwira chingwe cha m'munsi silisiya zivute zitani. Mantha amamuuza munthu kuti akumbatire thanthwe, koma akatero mapazi amaterereka. Ine ndinatero ulendo woyamba, ndipo bondo langa likukumbukirabe. Mwayi wake, pansi panali amalume atagwira nsonga ya chingwe. Iwo atachikoka mwamphamvu ndinaima pomwepo. Wogwira pansiyo ndiye mlonda wa wotsikayo.

Pa mathithi mau samveka, choncho gulu limagwirizana kale tanthauzo la kulira kwa wezulo ndi zizindikiro za manja. Ndipo palibe amalumphira m'dziwe mmene wina sanatsikemo ndi kuona kuya kwake, chifukwa madzi osefukira amasuntha miyala ndi zipika chaka ndi chaka.

Koma chimene chinandiopsa koposa ndi ichi: mukangokokera chingwe pansi pa phompho loyamba, njira yobwerera yatsekeka. Kumbuyo kuli thanthwe loterera, uku ndi uku makoma, kotero njira ndi yakutsogolo basi. N'chifukwa chake nzeru zonse za ulendowu zimathera pakhomo, munthu asanalowe.

MDANI WENIWENI NDI MADZI

Ambirife tikamva za phompho timaopa kugwa. Koma m'chigwembe chowopsa kwambiri ndi madzi. Taganizani: ndowa ya malita 20 imalemera makilogalamu 20, ndipo aliyense amene anasenzapo akudziwa. Nanga ndowa zikwizikwi zikamathamanga pamodzi m'mpata wopapatiza? Komanso pamwamba pa Mulanje malo ambiri ndi thanthwe lokhalokha losamwa madzi. Mvula ikagwa kunsonga, madziwo amatsetsereka msanga n'kukumana onse m'chigwembe chimodzi, mwina pamene inu muli dzuwa likuswa mtengo.

Zoterezi zachitikapo kumaiko ena. M'chaka cha 1997 ku Antelope Canyon, ku America, anthu 11 anafa ndi madzi a mvula imene inagwa kutali ndi pamene iwo anali. Pa 27 July 1999 anthu 21 anakokoloka m'chigwembe cha Saxetenbach ku Switzerland, ngakhale anali ndi zida zonse ndiponso atsogoleri. Ife kuno sitisowa wotiuza mphamvu ya madzi a m'phiri. Akuluakulu akukumbukira napolo wa ku Phalombe wa mu March 1991 amene anapha anthu mazanamazana, ndipo tonse tinaona zimene namondwe Freddy anachita mu March 2023.

Zizindikiro zake n'zodziwika: madzi oyera akayamba kuda, akayamba kubwera ndi masamba ndi timitengo, kapena mukamva mkokomo kumtunda, siyani katundu yense, kwerani pamalo okwera nthawi yomweyo. Musayese kuthawira kumunsi. Madzi simungawapose liwiro.

Pali chinthu china chodabwitsa. Chingwe chimene chimapulumutsa munthu pa mwala chikhoza kumupha m'madzi. Munthu womangidwa chingwe akakokoloka, chingwecho chimakungika ndipo madzi amamukanikizira pansi, osathanso kudzutsa mutu. N'chifukwa chake potsikira m'dziwe amayeza chingwe kuti chithere pamwamba penipeni pa madzi, osamanga mfundo kunsonga, kuti munthu akafika chingomusiya n'kusambira momasuka. Mpeni uja ntchito yake ndi yomweyi: kudula chingwe chikamukola munthu.

Phiri lathu lomweli lili ndi umboni. M'chaka cha 1949 mkulu wina woyang'anira nkhalango, Fred France, anaperekeza mlembi Laurens van der Post pa ulendo woyendera phirili. Chiperoni inawapeza, mitsinje inadzala, ndipo France anayesa kuoloka mtsinje wosefukira kumtunda kwa chigwembe cha Ruo atamangidwa chingwe. Malinga ndi buku la Venture to the Interior, mmene mlembiyo anamutcha dzina lina, madzi anamukokolola, chingwe chinaduka pa miyala, ndipo anagwera kuphompho. Kanyumba kotchedwa France's Cottage pa Chambe kamatikumbutsa za iye.

KUZIZIRA

Mdani wachiwiri ndi wachetechete. Madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira kwambiri kuposa mpweya, ndipo m'chigwembe dzuwa limaoneka kanthawi kochepa. Kutentha kwa thupi kukatsika kufika pansi pa madigiri 35, munthu amanjenjemera, zala zimakanika kumanga mfundo, lilime limalemera, ndipo maganizo amasokonekera. Woteroyo mumchotse m'madzi, mumvule zonyowa, mumfunditse zouma, mumpatse chakumwa chofunda cha shuga ngati akutha kumeza, koma mowa ai. M'chaka cha 2009 mlendo wina wa ku Brazil amene anapitirira yekha cha ku Sapitwa anasokera ndi kufa ndi kuzizira. Choncho miyezi ya chiperoni, kuyambira May mpaka August, ili ndi ngozi yakeyake ngakhale mvula yaikulu itatha.

NANGA IFE?

Mwina wina afunsa kuti, zonsezi zikutikhudza bwanji ife amene zingwe zoterezi sitidzazigula? Zikutikhudza ndithu. Timapita kukasambira ku Dziwe la Nkhalamba ku Likhubula. Timaoloka mitsinje popita ndi pochokera ku tchuthi m'nyengo ya dzinja. Malamulo ake ndi omwewa. Musapite nokha. Uzani wina kumene mukupita ndi nthawi yobwerera. M'phiri tengani mtsogoleri wodziwa njira, ndipo akakana mverani. Yang'anani kumtunda, osati pamutu panu pokha. Mtsinje wodzala musauoloke mutadzimanga chingwe. Khalani pansi mudikire, pakuti mitsinje ya m'phiri imadzala msanga ndipo imaphweranso msanga. Ndipo kutsika ndi chingwe sikuphunziridwa powerenga nkhani ngati ino, koma pamaso pa munthu wodziwa. Kwa makolo ndi Abambo amene amatitenga pa maulendo, ndipempha kuti mukaona mtambo kuphiri musachite manyazi kutibweza, ngakhale titang'ung'udza.

Tsiku lija, cha m'ma 2 koloko masana, amalume ananditenga kukaona kamtsinje kaja. Pamene tinali sipanagwe ndi dontho lomwe, koma madzi anali ofiira, akulira ngati galimoto yaikulu, ndipo mwala umene ndinakhalapo m'mawa posukusula sunkaonekanso. Pa nthawi imeneyo bwenzi tili pakati pa chigwembe, chingwe titakokera pansi. Amalume sananene zambiri. Anangondifunsa kuti, "Mphwanga, ukanakwera pati?" Ine ndinayang'ana makoma aja, ndipo yankho ndinalibe.