Mwala wa feteleza uli ku Phalombe, nanga bwanji thumba likudulabe?

Mayi wa ku Area 25 amene amalima kamunda kake kuseri kwa Kanengo amadziwa mtengo wa feteleza wachitowe kuposa mtengo wa china chilichonse. Koma ndi ochepa amene amayang'anitsitsa manambala olembedwa pathumbapo, monga 23:21:0. Nambala yapakatiyo ikunena za fosifeti, chakudya cha mizu, ndipo fosifeti amachokera m'mwala. Mwala woterowo ulipo kuno kwathu, ku Tundulu m'boma la Phalombe.

Ife ofufuza za miyala timafunsidwa kawirikawiri kuti, ngati mwalawo ulipo, tikudikira chiyani? Funsoli ndi loyenera, ndipo yankho lake lili m'mene ntchitoyi imayendera.

Kafukufuku amayambira m'mwamba. Ambiri akukumbukira kandege ka kauniuni kamene kankauluka m'munsi kwambiri kuyambira mu 2013, mothandizidwa ndi Banki Yaikulu Padziko Lonse ndi European Union. Mphekesera zinali ponseponse zoti kakuona golide pansi pa nthaka. Kandegeko sikaona mwala. Kamayeza mphamvu ya maginito ndi cheza chotuluka m'nthaka, ndipo pamene pali chitsulo chambiri makinawo amasonyeza kusintha. Zotsatira zake, zomwe zinatulutsidwa mu 2015, ndi mapu ongouza wofufuza kumene angayambire. Mapuwo amasungidwa ku nthambi ya Geological Survey ku Zomba.

Kenaka pamafunika miyendo. Wofufuza amayenda ndi nyundo, kuswa miyala, kutapa dothi ndi mchenga wa m'mitsinje, n'kulemba malo enieni amene chilichonse chatengedwa. Zikalonjeza amakumba ngalande, ndipo pomaliza pamabwera makina oboola, otulutsa mwala wautali wonga munsi kuchokera mamita ambiri pansi. Apa ndiye pamathera ndalama. Mwalawo amaudula pakati, theka lina kusunga, lina kutumiza kukapimitsa, nthawi zambiri ku South Africa. Anthu akaona mabokosi akutuluka amati miyala yathu yabedwa. Kukayikako sindikunyoza, chifukwa pamene palibe woonetsetsa, wakuba akhoza kubisala m'dzina la masampulo. Mankhwala ake ndi malo athuathu opimira miyala odalirika, ndiponso kuti kampani iliyonse izipereka ku boma zonse zimene yapeza, monga lamulo likunenera.

Ku Tundulu zonsezi zinachitika kale. Akatswiri a ku Japan anaboola kumeneko chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo chiwerengero chodziwika ndi matani pafupifupi 2 miliyoni a mwala wokhala ndi fosifeti 17 pa 100 aliyense. Ndi mwala wabwino, koma pa msika wa dziko lonse ndi wochepa: Morocco yekha ali ndi matani mabiliyoni ambiri.

Vuto lalikulu ndi lakuti mwala wa ku Tundulu, wotchedwa apatite, unachokera m'chiphalaphala cha pansi pa dziko ndipo susungunuka msanga m'nthaka. Kungoupera n'kuthira pa chimanga, mbewu siipindula mokwanira chaka chomwecho. Umafunika kuusungunula ndi asidi wopangidwa kuchokera ku salufa.

Salufayo naye alipo, ndipo sali kutali ndi Chinsapo. Munthu akatsata msewu wa Likuni n'kupitirira amafika ku Malingunde, kumene kuli mwala wa pyrite, wosakaniza chitsulo ndi salufa, wonyezimira moti ambiri amauyesa golide. Winanso uli ku Chisepo m'boma la Dowa. Chosowa ndi fakitale yolumikiza Phalombe ndi Malingunde, magetsi osazimazima, ndi munthu wokonzeka kuikapo ndalama zimene zidzabwerere patapita zaka. M'kuona kwanga, ntchito imeneyi ndi yofunika kuposa migodi ina yotchuka m'manyuzipepala, chifukwa feteleza amadya ndalama zakunja chaka ndi chaka.

Funso lomweli limabukanso pa chitsulo, koma nkhani yake ndi yaifupi. Makolo athu ankasungunula miyala m'ng'anjo n'kusula makasu, ndipo zotsalira za ng'anjozo zikuonekabe m'nkhalango ya Kasungu. Iwo ankafuna madengu ochepa chabe. Mgodi wamakono umafuna matani mamiliyoni, mwala wokhala ndi chitsulo choyandikira 60 pa 100, ndi njanji yoti unyamulidwe motsika mtengo. Malo odziwika monga Mindale, pafupi ndi Blantyre, ndi aang'ono pa muyeso umenewo. N'chifukwa chake owotcherera mageti ku Biwi ndi okhoma mbaula ku Kawale amadalirabe zitsulo zogula kunja ndi zotolatola.

Za nthawi, Kayelekera ku Karonga akutiphunzitsa: yureniyamu anapezeka kumeneko mu 1982, koma mgodi unatsegulidwa mu 2009. Tundulu wadikira kale zaka zoposa pamenepo. Phungu akabwera ku Area 23 kapena ku Mgona n'kulonjeza feteleza wopangidwa konkuno, mufunseni kuti asidiyo adzapangira kuti, ndipo magetsi a fakitaleyo adzachokera kuti.